Bonya wathu yemweyu ndinakamupeza m'kambale ka ku Korea

Okondedwa Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yathuyi ndinenepo zomwe zakhala zikundizungulira m'mutu chibwerere ku Lilongwe mwezi wathawu. Ine ndine mayi wa kuno ku Mangochi, ndili ndi kalesitilanti kanga pa boma pompano, matebulo asanu basi, ndipo ndaphikira anthu zaka zambiri ndithu moti ena omwe ankabwera atavala yunifolomu ya sukulu pano amabwera atabereka ana awo. Nde nkhani ya chakudya ikamakambidwa ine imandifika pamtima, sindingakhale chete.

Ku Lilongweko ndinapita ku chinkhoswe. Tinadzera ya ku Golomoti ija, kukwera mapiri mpaka kutulukira ku Dedza, ndinafika msana utauma. Chinkhoswe chitatha mwana wa achemwali anga, yemwe wangoyamba kumene ntchito mtauni muja, anandigwira dzanja nkuti, "Mayi aang'ono, lero inu simugwira mthiko, lero muphikiridwa. Tiyeni ndikakudyetseni za ku Korea." Ine za ku Korea zomwe ndinkadziwa ndi mafoni a Samsung, magalimoto a Hyundai ndi Kia, chipatala cha Daeyang Luke chomwe anthu a kumeneko anamanga ku Lilongwe konko, komanso mafilimu awo omwe atsikana athu amagonera mochedwa pa foni. Zoti amadya chani sindinaganizepo. Ndinavomera poti mwana akafuna kukulemekeza ndi thukuta lake sumukaniza.

Choyamba chomwe ndinachita titangokhala pansi mu lesitilanti ya zakudya za ku Koreayo ndi kufunsa za nkhumba. Ine ndine Msilamu ngati anthu ambiri a kuno, ndipo nditaona tebulo loyandikana nafe akuwotcha nyama yamafuta pa kambaula komwe kanali pakati penipeni pa tebulo, mtima unagunda. Weita wake anali mnyamata wa Chimalawi, waulemu, sanandibisire ayi. Anati, "Mayi, imene mukuonayo ndi nkhumba, anthu a ku Korea amaikonda kwambiri, amaitcha samgyeopsal. Koma musadandaule ndikuuzani zomwe mulibe nyama olo pang'ono." Anapita mpaka ku khitchini kukafunsa kawiri konse. Tinaitanitsa nsomba yowotcha ndi mpunga wosakaniza ndi masamba womwe amautcha bibimbap, tinati asaikemo nyama. Apa ndiyamikire mnyamata ameneyo, ndipo ndipemphe eni malesitilanti onse m'dziko muno, a zakudya zakunja ngakhalenso athu omwewa, kuti azilemba pa menyu zomwe zili m'chakudya. Munthu asamachite kufunsa ngati wapalamula. Pali Asilamu, pali a Seventh Day, pali odwala shuga ndi BP, pali ena omwe nsinjiro zimawatupitsa thupi. Kulemba mzere umodzi pansi pa dzina la chakudya sikungagwetse bizinesi.

Tsono nkhani yeniyeni yomwe ndalembera kalatayi ndi iyi. Chakudya chomwe tinaitanitsa chisanabwere, weita uja anayamba kuyala timbale ting'onoting'ono pa tebulo, kena apa kena apo, mpaka tebulo linadzaza. Ine nkumufinya mwana uja pa ntchafu kuti iwe, zonsezi ulipira ndi chani? Iye nkuti ayi mayi aang'ono, izi ndi banchan, zimabwera zokha pa chakudya chilichonse, ndipo kambale kakatha mukhoza kupempha kena osawonjezera ndalama. Munali kabichi wofiira ndi tsabola, munali masamba owiritsa pang'ono othira chitowe, munali nyemba zomera kumene zoyera tchee, munali timagawo ta dzira, munali nkhaka. Ndipo m'kambale kena, abale anga, munali bonya. Ndinayang'ana kawiri. Tinsomba touma ting'onoting'ono, maso ake omwewo, kathupi kake komweko, tonyezimira ngati tapakidwa uchi. Ndinatenga kamodzi nkulawa. Kokhukhuta, kotsekemera pang'ono, ka mchere pang'ono, kafungo ka adyo ndi chitowe. Ndinamuitananso mnyamata uja nkumufunsa kuti achimwene, uyu si bonya wa kwathu uyu? Anaseka nkuti ku Koreako ndi nsomba za m'nyanja ya mchere, amazitcha myeolchi, koma kaonekedwe ndi kaumitsidwe ndi chimodzimodzi ndi bonya wathu.

Akonzi, ndinakhala kanthawi osalankhula. Bonya yemwe kuno timamuona ngati ndiwo ya tsiku lomwe m'nyumba mulibe ndalama, yemwe alendo akabwera timathamangira kukamubisa kuseri kwa mapoto nkutuma mwana akagwire nkhuku, anthu awa amuika m'kambale koyera, pa tebulo la nsalu, kutsogolo kwa mabwana ovala mataye, ndipo mabwanawo akupempha kuti awonjezere. Ine ndinakulira ku Malindi, bambo anga anali mlovi, usiku tinkaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa nyanja ngati tauni, m'mawa amayi ndi anganga ali pa thandala kuyanika. Sukulu yanga analipira ndi usipa. Koma mu lesitilanti mwanga momwemo usipa ndinali ndisanaulembepo pa bolodi. Pa bolodi pamakhala chambo, nkhuku, nyama ya mbuzi, tchipisi. Usipa ndimaphika wa ine ndi atsikana ondithandiza, timadyera kuseri. Nanga manyazi amenewa tinawatenga kuti?

Pitani m'malo ogona alendo kuyambira pa boma pano kudutsa Namiasi, Makawa, Nkopola mpaka Monkey Bay ndi Cape Maclear, mutsegule menyu. Tchipisi ndi nkhuku, tchipisi ndi chambo, baga, pitsa, supageti. Mlendo wauluka ulendo wautali, wawononga ndalama zake kudzaona nyanja yathu yomwe mbali yake ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, ife nkumupatsa chakudya chomwe wachisiya kwawo, chophikidwanso moperewera kuyerekeza ndi cha kwawoko. Chigwada chotendera palibe. Kholowa palibe. Bonongwe, chisoso, denje, therere la soda, nkhwani wotendera, khobwe, nandolo, mfutso, utaka wowamba, mcheni, mlamba wouma wothira nsinjiro, zonsezi kulibe, kapena zimatuluka tsiku limodzi pa sabata nkumatchedwa usiku wa chikhalidwe, ngati kuti masiku enawo tilibe chikhalidwe. Sindikunena kuti onse ayi, alipo ochepa omwe akuyesetsa ndipo ndimawalemekeza. Koma ambirife tinagwa m'chiwaya.

Kabichi wofiira uja ndiye kimchi yemwe amatchuka uja. Ndisaname, kulawa koyamba sanandikomere. Ndi wowawasa, wozizira, tsabola wake amabwera pambuyo, ndipo fungo lake kwa munthu wosazolowera limakhala ngati ndiwo zagona. Koma nditamudyera limodzi ndi mpunga wotentha ndi nsomba ndinamva kuti akutsegula kukhosi ngati mmene amachitira mango osapsa othira mchere ndi tsabola. Mayi wina wa ku Korea, wachikulire ndithu, yemwe ndikuganiza kuti ndi amene amayang'anira khitchini, anabwera pa tebulo lathu atamva kuti pali mayi wophika wochokera ku nyanja yemwe akufunsa mafunso ambiri. Anawerama mutu pondipatsa moni, ndipo pondipatsira kapu ya tiyi wa balere anagwira ndi manja awiri, ndendende mmene timaphunzitsira ana athu kuno kuti wamkulu sumupatsa chinthu ndi dzanja limodzi. Mwana uja ankatimasulira. Mayiyo anandiuzanso kuti kwawo ana sayamba kudya wamkulu asanagwire supuni. Ndinati nde kwathu kumeneko.

Anandifotokozera kapangidwe ka kimchi. Kabichi wawo ndi wamasamba aatali, wofanana ndi tchainizi koma wokulunga mutu. Amamuthira mchere wambiri kwa maola angapo mpaka afote, nkumutsuka, kenako kupaka tsamba lililonse phala la tsabola wofiira wosinja, adyo, jinja, anyezi wamasamba ndi msuzi wa nsomba zothira mchere, nkumutsekera kuti awire yekha ngati thobwa. Kale ankaika m'mitsuko ikuluikulu ya dothi nkuikwirira pansi nyengo yozizira, pano ambiri ali ndi filiji yapadera ya kimchi yekha. Chifukwa chake nchoti kwawo kumazizira mpaka madzi kuuma gwaa, m'munda simumera kanthu kwa miyezi, nde chakumapeto kwa chaka mabanja ndi anansi amasonkhana kupanga kimchi wokwanira nyengo yonseyo nkugawana. Mwambo umenewu amautcha kimjang ndipo UNESCO inauvomereza mu 2013 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Pomwe ankafotokozapo ine m'maso mwanga munabwera anganga anga. Mvula ikamatha ankathyola khwanya ndi nkhwani madengu, kufutsa pang'ono, kuyanika pa mphasa, nkukulunga m'zikwatu za masamba a msuku nkupachika kudenga la khitchini komwe utsi umafika. Mwezi wa Okutobala dzuwa likang'amba nthaka, masamba atasowa, chikwatu chimatsika, kuthira nsinjiro ndi matimati, banja lonse kudya mpaka kunyambita zala. Nzeru yake ndi imodzi yomweyo, kusunga ndiwo za nthawi ya zambiri kuti zikupulumutse nthawi ya chilala. Iwo anagwiritsa ntchito kuzizira ndi mchere poti ndi zomwe ali nazo, ife dzuwa poti ndi lomwe tili nalo, ndipo kutentha kwa Mangochi kuno kimchi wopanda filiji akhoza kusasa masiku awiri okha, nde sindikunena kuti tonse tiyambe kukwirira kabichi. Ndikunena kuti iwo mfutso wawo anaunyadira mpaka dziko lonse likuudziwa dzina, pomwe ife mwana wa mtauni ukamufunsa chikwatu ndi chani akuyang'ana ngati walankhula chilankhulo china. Ndi angati mwa owerenga anu omwe akudziwa kuti nsima yathuyi nayonso inalowa m'kaundula wa UNESCO momwe muli kimjang mu 2017? Tinapindula nazo chani chilowereni?

Bibimbap ija inabwera m'mbale ya mwala yotentha kwambiri, ikulira chwee. Pansi mpunga, pamwamba masamba amitundumitundu oyalidwa mozungulira, kaloti, bowa, nkhaka, pakati dzira, pambali phala la tsabola lotchedwa gochujang. Umasakaniza wekha ndi supuni. Timitengo tawo todyera ndi tachitsulo, tophwatalala, koma mpunga ndi msuzi amadyera supuni yaitali, nde ine sindinavutike. Nditafika pansi pa mbale ndinapeza mpunga wapserera pang'ono, wokhukhuta, ndinafuna kuusiya poganiza kuti ndi ulemu, mayi aja nkundikodola kuti ayi palani, pokoma ndi pamenepo. Nkhoko, Akonzi! Nkhoko zomwe tinkalimbirana tili ana kuseri kwa khitchini, iwo anazipatsa dzina, nurungji, amazigulitsa m'mapaketi, amathiramonso madzi otentha nkumwa. Palibe chomwe amataya.

Ndipo musaganize kuti anthu amenewa akhala olemera chiyambire. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya dziko lawo lili phulusa, anthu akugona ndi njala, moti mpaka lero ali ndi ndiwo ina yotchedwa budae jjigae yomwe inayamba ndi nyama za m'zitini ndi masoseji ochokera m'makampu a asilikali a ku America. Chakudya cha umphawi chimenecho sanachifufute, chili pa menyu. Atalemera sanataye tinsomba touma, sanataye masamba a m'tchire, sanataye nkhoko. Anangozisamalira bwino.

Pa kusamalapo ndi pomwe ndikufuna tidziuze zoona ife a kunyanja. Nditabwerera kuno ndinagula bonya pa msika nkuyesa kuphika mmene anandiuzira mayi aja. Umayamba wakazinga pa poto wouma popanda mafuta kuti chinyezi ndi fungo zichoke, nkusefa tinyenyeswa, kenako mafuta pang'ono, adyo, sosi wa soya, shuga pang'ono kapena uchi moto utachepa, pomaliza chitowe chokazinga. Ine ndinaponyamonso mtedza ndi kambuzi mmodzi. Kukoma kunakoma, koma poluma mano anakumana ndi mchenga. Ndinataya poto yense, ndipo zinandipweteka. Bonya ameneyo anayanikidwa pansi. Apa nde pali vuto lathu, ena amayanika pa mchenga, ena pa thandala lopanda denga pomwe ntchentche ndi fumbi zimachita zofuna zawo, nthawi ya mvula usipa wambiri umaola kapena kusanduka wowawa nkukathera ku chakudya cha nkhuku, ndipo tamvanso za ena opanda chisoni omwe amawaza mankhwala ophera tizilombo pa nsomba kuti zisafumbwe. Mlendo akaluma mchenga kamodzi sadzabweranso, akauzanso anzake. Kachiwiri ndinapita ndekha ku doko m'mamawa, kukagula usipa wofutsa kwa mayi yemwe ndimamudziwa kuti amayanika pa thandala la waya lokwera bwino, ndinasankha waung'ono, wokulirapo ndinachotsa mitu ndi matumbo poti ndi momwe mumakhala kuwawa. Umenewo nde unatuluka bwino zedi. A zausodzi ndi a khonsolo atithandize pa nkhani ya mathandala abwino ndi zoumitsira nsomba zotchinga ndi pulasitiki zija zomwe zinayesedwapo m'madoko ena, zifike paliponse osati pongojambulira zithunzi.

Tsono kwa masabata atatu tsopano aliyense woitanitsa nsima kapena mpunga kwa ine ndikumamuikira timbale titatu pambali, kena ka usipa wokazinga chonchi, kena ka masamba a tsikulo, kena ka nyemba kapena mango osapsa a tsabola. Zowonjezera mwaulere ngati ku Korea sindingakwanitse, mafuta ophikira ndi makala mmene zakwereramu ndikhoza kutseka mwezi umodzi, ndipo kunena chilungamo ngakhale ku lesitilanti kuja ulerewo unali kale mu mtengo, bilu yomwe analipira mwana uja inali yoti ine ndigulitse mbale za nsima tsiku lonse. Koma kambale kamodzi kamodzi nkotheka. Tsiku loyamba bambo wina woyendetsa minibasi anakankhira kambale ka usipa kumbali nkuti, "Mayi, ine bonya ndamusiya kunyumba, kuno ndabwerera nyama." Ndinati talawani kaye achimwene, simulipira. Anatola kamodzi, kenako kena, pomaliza anapukuta kambale ndi nsima nkufunsa ngati ndingamuikire wina m'kajumbo akapatse akazi awo. Pano akangolowa amayamba wafunsa usipa. Azungu awiri omwe ankadikira basi ya ku Monkey Bay anajambula timbale tija ndi foni asanadye, chigwada anachimaliza mbale yonse, nkufunsa dzina lake kuti alembe.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine kalumo kameneka ndakapeza kwa mayi wa ku Korea yemwe ngakhale dzina lake sindinafunse. Sikuti zonse za kumeneko ndinazikonda ayi, msuzi wina wa ndere za m'nyanja unandikanika, unali woterera ndi fungo lomwe mphuno yanga sinalilandire, ndipo msuzi wa soya wowola uja wotchedwa doenjang ndinangolawa supuni ziwiri. Palibe vuto, nawonso therere lathu mwina likhoza kuwakanika. Koma palibe yemwe anandipepesa chifukwa cha fungo la chakudya chawo, palibe anati pepani tilibe tchipisi. Anandiyalira zawo nkundiphunzitsa kadyedwe kake. Ife tikaona mlendo timayamba ndi pepani, pepani ndiwo zake ndi zomwezi.

Pempho langa likupita kwa anzanga ophika kuno ku Mangochi, a m'malesitilanti ang'onoang'ono ngati ine komanso a m'mahotela akuluakulu a m'mbali mwa nyanja. Tiyeni tilembe usipa, utaka, chigwada ndi mfutso pa menyu ndi mayina ake enieni a Chichewa ndi Chiyao, osawasintha kuti amveke achizungu, mlendo aphunzire kutchula ngati mmene ine ndaphunzirira kutchula bibimbap. Chambo chikusowa ndipo chikudula, ku Malombe komwe kale chinkaphedwa chambiri pano asodzi amabwerako ndi kambuzi wa m'madzi yekhayekha, nde kudalira chambo chokha kuti ndiye nkhope ya Mangochi sikutifikitsa patali. Sukulu zophunzitsa zophika ndi zokopa alendo nazonso ziphunzitse ana kutendera ndi kufutsa, osati kuphika supu wa ku France yekha. Ndipo inu Akonzi, tumizani mtolankhani wanu adzayende m'madoko muno nthawi ya usipa, adzalankhule ndi amayi oyanika, adzaone okha kusiyana kwa thandala labwino ndi mchenga, alembe anthu adziwe kogula.

China chomwe chikundivuta pakali pano ndi chitowe. Kuno chimapezeka mwa apo ndi apo ndipo cha m'mashopu ndi chodula kwambiri, chikhalirecho ndimamva kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalima chambiri nkumagulitsa kwa mavenda otumiza kunja. Ngati alipo mlimi kapena kalabu ya alimi a kumeneko yomwe ingamatumize choyera bwino, chopeta, pa basi mwezi ndi mwezi, alembe kudzera kwa inu Akonzi, tilipo amayi anayi kuno omwe tagwirizana kale kuti tizisonkherana nkugula limodzi.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wophika,
Mangochi Boma.